Musanagulitse mapadi ochapa, apatseni amayi awayese miyezi itatu

Padi yochapa ikangochoka pa makina osokera imaoneka ngati ntchito yatha. Msoko uli bwino, mabatani akugwira, nsalu ndi yofewa. Koma mayeso ake enieni amachitika pa tsiku lachiwiri la msambo, mayi atapanikizika mu minibasi kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni, kapena ataima pa benchi yake ya tomato kuyambira 6 koloko m'mawa popanda malo oti akasinthire. Mwini bizinesi sakhalapo pa nthawi imeneyo, ndipo ngati sanakonze njira yomvera zimene zinachitika, adzangodabwa kuti amene anagula kamodzi sakubweranso.

Makampani amatcha gawo limeneli beta testing. Katundu amene watsala pang'ono kulowa pamsika amaperekedwa kwa anthu ochepa kuti akamugwiritse ntchito kwawo monga amakhalira masiku onse, kenako wopangayo amakonza zolakwika asanapange wambiri. Pa katundu wa amayi, ngakhale makampani akuluakulu amaphonya. Kampani ya Apple inatulutsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Health mu 2014 yowerengera zinthu zambirimbiri za m'thupi, koma mopanda powerengera masiku a msambo, mpaka inadzawonjezera mu 2015. Mu 2023 ofufuza a ku Oregon, ku America, anafalitsa zotsatira za kuyesa mapadi ndi zinthu zina za msambo pogwiritsa ntchito magazi enieni, ndipo nkhaniyo inamveka kwambiri chifukwa kwa zaka zambiri opanga zinthuzi akhala akuyesera madzi amchere. Magazi salowa m'nsalu ngati madzi. Amalowa pang'onopang'ono, ndipo a msambo nthawi zina amabwera ndi timibulu toundana timene timangokhala pamwamba.

Musanapatse munthu aliyense, yambani mwayesa nokha pa tebulo, kuti musavutitse amayi ndi zolakwika zimene mukanaziona nokha. Padi yochapa nthawi zambiri imakhala ndi magawo atatu: nsalu yofewa yokhudza thupi monga fulanelo ya thonje, nsalu zomwa magazi pakati monga thaulo, ndi nsalu yosalowa madzi pansi, imene ogulitsa amaitcha PUL. Chapani nsalu za thonje musanadule, chifukwa thonje limafupika likachapidwa koyamba, pamene PUL siifupika chimodzimodzi, ndiye padi imapindika ngati tsamba louma. Komanso nsalu yatsopano imakhala ndi mankhwala a ku fakitale amene amaiumitsa, ndipo imayamba kumwa bwino ikachapidwa kangapo. Tengani sirinji, thirani madzi okwana mamililita 5 pakati pa padi, dikirani mphindi imodzi, thiraninso. Mukathira kulikonse, ikani pepala la tishu pamwamba ndi pansi, n'kutsindira ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Lembani kuti pepala lapansi linanyowa pa mamililita angati. Madziwo musakanize ndi glycerine pang'ono ndi utoto wa zakudya kuti alemerereko. Amayi ambiri amataya magazi apakati pa mamililita 30 ndi 40 msambo wonse, ndipo wopitirira 80 amawerengedwa kuti amataya ambiri, choncho nambala yanu mudzadziwa poiyerekeza.

Tsopano nkhani ya oti ayese. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Achemwali anu, alamu anu ndi anzanu a ku kwaya adzakuuzani kuti ndi zabwino kwambiri, Mulungu akudalitseni. Munthu wolandira chinthu chaulere kwa m'bale wake sanganene kuti chinamuchititsa manyazi pagulu. Funani anthu amene alibe nanu ngongole ya ulemu. Pa bizinesi yaing'ono, amayi 30 mpaka 40 ndi okwanira, podziwa kuti ena adzasiyira panjira. Chofunika kuposa chiwerengero ndi kusiyana kwawo: wolima amene amawerama tsiku lonse, wa mu ofesi amene amakhala pampando maola ambiri, wogulitsa pamsika, woyenda mtunda wautali wapansi, wonenepa ndi wochepa thupi, wotunga pa mjigo ndi wokhala ndi mpopi pakhomo. Onetsetsani kuti mwa iwo muli osachepera asanu amene amanena okha kuti amataya magazi ambiri, pakuti padi ikagonja imayambira kwa iwowa.

Funso limene ambiri amaiwala ndi la kulera. Jakisoni wa miyezi itatu ndi kachipangizo ka pamkono zimasintha msambo: ena amangodontheza pang'onopang'ono masiku ambiri, ena amasiyiratu kusamba. Mayi woyamwitsa nayenso akhoza kukhala miyezi osaona msambo. Mukapanda kufunsa poyamba, mudzapeza kuti mwa anthu 30 angapo sanavale padi yanu n'kamodzi komwe, koma ayankha mafunso onse kuti asakukhumudwitseni. Amene amangodontheza musawasiye kunja, chifukwa ndi ogula enieni a timapadi tating'ono, koma alembeni pagulu lawolawo.

Yambani ndi azaka 18 kupita m'tsogolo. Atsikana a sukulu ndi msika waukulu, koma kuyesa nawo kumafuna chilolezo cha makolo ndi cha sukulu, ndipo ndi bwino kudzera kwa amayi a mother group, gulu la amayi loyang'anira atsikana pasukulu. Ngati zotsatira mukufuna kudzazifalitsa ngati kafukufuku wa zaumoyo, pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku monga NHSRC kapena COMREC musanayambe. Aliyense muuzeni momveka kuti katunduyu akadali woyeserera, akhoza kudontha, ndipo ali ndi ufulu wosiya tsiku lililonse popanda kufotokoza chifukwa. Pa mapepala lembani nambala m'malo mwa dzina, ndipo kope lolumikiza nambala ndi dzina lizisungidwa ndi munthu mmodzi.

M'phukusi la woyesa aliyense ikani mapadi anayi a masana a masentimita pafupifupi 25, awiri a usiku a masentimita 30 kapena kuposerapo, kathumba kosadontha konyamulira yogwiritsidwa kale, ndi khadi lolembapo. Sopo musapereke. Ogula anu adzachapira sopo amene ali naye pakhomo, kaya wamtanda kaya waufa, ndipo mukufuna kudziwa m'mene padi imakhalira ndi sopo ameneyo. Ngati mukuyerekeza masokedwe awiri, asiyanitseni ndi ulusi wa m'mphepete, wina wobiriwira wina wachikasu. Mukangonena kuti uyu ndi watsopano, aliyense adzasankha watsopanoyo. Theka la gulu liyambe ndi wobiriwira, theka lina ndi wachikasu, mwezi wotsatira asinthane.

Miyezi itatu si yokokomeza. Msambo umabwera pakatha masiku 21 mpaka 35, choncho mayi mmodzi amayesa padi masiku ochepa chabe pamwezi. Mwezi woyamba amakhala akuphunzira kuvala, ndipo ambiri amavalira pakhomo pokha chifukwa sanaikhulupirire. Wachiwiri ndi umene amayamba kupita nayo kutchalitchi ndi kumsika. Wachitatu ndi umene nsalu imaonetsa khalidwe lake itachapidwa kambiri. Ndipo konzani kuti mwezi umodzi ugwere m'dzinja. Padi imene imauma maola atatu pa dzuwa la Okutobala ikhoza kutenga masiku awiri mu Januwale, kapena m'nyengo ya chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ikapanda kuuma, mapadi asanu ndi limodzi aja sakwana, mayi amavala yachinyezi kapena kubwerera ku nyanda zake zakale.

Nkhani ya kuyanika ndi yofunika kuifunsitsa, chifukwa malangizo amati yanikani padzuwa koma amayi ambiri sangapachike chinthu chotere pa chingwe cha pabwalo, makamaka pa nyumba za lendi pamene chingwe ndi cha anthu onse. Amayanika kuchipinda, kuseri kwa chitseko, pansi pa matiresi, kapena pachingwe atafunditsa chitenje. Kumeneko ndi kumene fungo ndi nkhungu zimayambira. Musafunse kuti kodi munayanika padzuwa, chifukwa yankho lidzakhala eya. Funsani kuti padi ya dzulo inagona pati. Mukamva kuti ambiri amayanikira m'nyumba, kukalipira anthu sikungathandize. Sinthani kasokedwe: m'malo mosokera nsalu zonse pamodzi, pangani kansalu ka pakati kochotseka, kamene kakatambasulidwa kamaoneka ngati mpango wamba. Kamauma msanga ndipo palibe amene amakayang'ana kawiri.

Khadi lolembapo likhale losavuta, lokhala ndi zithunzi kuti ndi amene sadziwa bwino kulemba athe. Mzere uliwonse ukhale wa padi imodzi: tsiku lachingati la msambo, ulusi wa mtundu wanji, anavala nthawi yanji, anavula nthawi yanji, inadontha kapena ayi. Pambali jambulani padi kuti achonge pamene padonthera, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali kapena pakati. Kachithunzi kameneka kamapulumutsa ndalama zambiri, chifukwa kudontha kulikonse kuli ndi chifukwa chake. Kudontha m'mbali pakati pasanadzaze kumasonyeza kuti nsalu yapamwamba ikumwa mochedwa, kapena padi yakwinyika pakati pa ntchafu chifukwa ndi yotakata kuposa panti. Kudontha kumbuyo usiku ndi vuto la kutalika. Kudontha motsatira msoko kumachokera ku mabowo a singano: mukasoka mizere ya pakati mobowola PUL, magazi amatsata ulusi n'kutulukira pansi, choncho nsalu zomwa zisokereni ku nsalu yapamwamba yokha. Padi yozungulira kapena yotsetsereka poyenda imakhala ndi mapiko omangira ku panti otalika kwambiri, batani lili kutali, ndipo mankhwala ake ndi kuika mabatani awiri kuti munthu asankhe pothinitsa.

Zina zimachokera ku kachapidwe. Madzi otentha amaumitsa magazi m'nsalu banga n'kukhazikika, choncho yoyamba ndi kuviika m'madzi ozizira. Kusita ndi ayironi yotentha kumasungunula kapulasitiki ka PUL, kamayamba kumatuka. Mankhwala ofewetsa zovala ndi mafuta odzola monga Vaseline zimamata ulusi wa nsalu, madzi n'kumangoyenderera pamwamba. Madzi a pa mijigo ina ali ndi mchere wambiri ndipo amasiya thaulo litauma gwa. Mukaona anthu atatu kapena anayi alakwitsa chinthu chimodzimodzi, vuto lili pa pepala lanu la malangizo.

Wofunsa mafunso akhale mayi, asakhale mwini bizinesi, ndipo azicheza ndi mmodzimmodzi. Gulu la WhatsApp limathandiza pokumbutsana masiku okumana basi. Pagulu amayankhula ndi awiri olimba mtima, ena onse n'kumangovomereza, ndipo foni zina ndi zobwerekana ndi abambo kunyumba. Pewani funso loti mwaikonda. Funsani zimene zinachitika: ndi tsiku liti limene munaisiya n'kuvala china, munavala chiyani, munali kupita kuti. Mayi akanena kuti pa tsiku la ukwati anagula padi ya m'sitolo, wakuuzani kuti yanu saikhulupirira pamaso pa anthu, ngakhale pakamwa akuitamanda. Amene asowa osabweranso alondoleni mwaulemu kamodzi kokha. Nthawi zambiri yankho lopweteka koma lothandiza limakhala ndi iwo.

Pa zaumoyo pasakhale kunyengerera. Woyesa akamva kuyabwa, akatuluka totupa, akasupuka m'mphechepeche kapena akaona chikazi chachilendo, asiye pompo ndipo apite kuchipatala, thiransipoti mulipire inu. Lembani padi yake, nsalu yake ndi sopo wake. Ambiri akadandaula pa nsalu imodzi, makamaka ya utoto wosuluka, ichotseni yonse.

Oyesa apatseni kangachepe pa nthawi yawo, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, mofanana kwa onse, ndipo anene zabwino kapena zoipa ndalama ikhale yomweyo. Auzeni zimenezi pachiyambi. Koma mtengo wa katundu musaufunse ndi pakamwa, chifukwa yankho la funso loti mungagule pa ndalama zingati silimuchotsera munthu kalikonse m'thumba. Pamapeto ikani mapaketi pa tebulo pa mtengo umene mukufuna kudzagulitsira, n'kuona kuti ndi angati atulutse ndalama. Ambiri akapempha kulipira pang'onopang'ono, mwina njira yanu ndi kudzera m'magulu a banki m'khonde kapena kugulitsa paketi ya mapadi awiri.

Chomaliza, pemphani aliyense abweze padi imodzi yochapidwa bwino, mumupatse yatsopano m'malo mwake. Zoterezi ena sangavomere chifukwa cha zikhulupiriro zokhudza nsalu za kumwezi, ndipo musawakakamize. Zimene zabwera zivalireni magolovesi, yezani kutalika kwake poyerekeza ndi poyamba, bwerezani mayeso a sirinji aja, kenako dulani zingapo pakati ndi sizasi. Mkatimo mudzaona ngati thaulo launjikana mbali imodzi, ngati muli madontho akuda a nkhungu, ngati PUL yayamba kumatuka. Mukasintha chinthu chachikulu monga nsalu yapakati, bwerezani ndi amayi khumi kwa miyezi iwiri, ndipo zitsanzo zopita ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu, zikhale za kasokedwe komaliza kameneka, kamene mudzagulitse.