Masters ndatenga, PhD ikupitirira

Abale anga, lero komiti ya aphunzitsi yavomereza kafukufuku wanga, ndiye digiri ya masters ya psychology ili m'manja! Mulungu ndi wabwino.

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti, "Kodi paja sunapite ku America kukachita PhD? Nanga masters yachokera kuti?" Kuno mapulogalamu ambiri a PhD ya psychology amalandira munthu wa digiri yoyamba yokha. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira umaphunzira statistics, njira zoyezera maganizo ndi matenda a m'maganizo monga alembedwera mu DSM-5, buku lomwe akatswiri amagwiritsa ntchito pozindikira matendawa. Kenako umalemba thesis, lipoti la kafukufuku wako, n'kukaima pamaso pa komiti kuyankha mafunso. Ukakhoza, amakupatsa masters uli panjira.

Ine ndinafufuza za kukhumudwa kwakukulu komwe kumagwira amayi akangobereka. Ndinagwiritsa ntchito Edinburgh Postnatal Depression Scale, yomwe inatuluka mu 1987. Ndi mafunso 10 okha, koma ndaona mayi akufika pa funso lokhudza kusowa tulo n'kuyamba kugwetsa misozi, khanda lili pamiyendo. Kwathu timangoti "limbani mtima mayi", pomwe munthuyo akudwala ndithu. Zimandipweteka, chifukwa thandizo lotere liyenera kupezeka ku sikelo komweko, osadikira kuti munthu akafike ku Zomba Mental Hospital.

Ntchito ikadalipo: mayeso aakulu, dissertation (kafukufuku wamkulu wa PhD), chaka chathunthu cha internship, kenako mayeso a EPPP kuti ndipeze chiphaso chothandizira odwala pandekha.

Amayi, zikomo chifukwa cha mapemphero anu. Ndikuimbirani Loweruka mukabwera kumunda.