Ola limodzi ndi agorila a ku Virunga

Ntchito imene ndinatumidwa ku Rwanda inali yomveka bwino papepala: zithunzi za agorila a m'mapiri zoti zitsagane ndi nkhani ya m'magazini ina ya zaulendo. Kujambula nyama zakutchire ndinakuphunzirira ku Liwonde ndi ku Majete, kumene umakhala m'galimoto kapena m'boti, dzuwa likuswa mtengo, njovu ili poyera, ndipo ukaiphonya lero mawa umaipezanso. Kwa agorila kulibe zimenezo. Kuyambira 2017 chilolezo cha mlendo wochokera kunja ndi madola 1,500 a ku America, ndipo chimakupatsa ola limodzi lokha pamaso pa banja limodzi la agorila. Nthawi ikakwana palibe kuchonderera. Sabata yonse, ndi ndalama zonse za amene akutuma, zimatsamira pa ola limenelo.

Ndinatera ku Kigali Lolemba, nditadzera ku Nairobi, kenako pagalimoto maola pafupifupi atatu kukwera zitunda mpaka ku Musanze, tauni imene kale inkatchedwa Ruhengeri. Kwathu mvula ikatipeza timangoveka kamera jumbo, koma Rwanda inaletsa majumbo apulasitiki mu 2008, choncho ndinali nditasoketseratu kwa telala zokutira za nsalu yosalowa madzi.

Lachiwiri sindinakwere phiri. Agorilawa amakhala m'mwamba kwambiri, kuyambira mamita 2,500 kupita mtsogolo, ndipo thupi limafuna lizolowere kaye mpweya wochepa. Phiri lalitali pa onse kumeneko, Karisimbi, ndi mamita 4,507, pamene Sapitwa wathu ndi 3,002. Ndinapita ku Kinigi, ku malo a bungwe la Dian Fossey Gorilla Fund amene anatsegulidwa mu 2022, kukakonzekera. Fossey, mayi wa ku America wofufuza za agorila, anakhazikitsa msasa wake wa kafukufuku wa Karisoke mu 1967, pakati pa mapiri a Karisimbi ndi Bisoke, ndipo anaphedwera komweko mu Disembala 1985. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 agorila a m'mapiri a Virunga anali atatsala pafupifupi 250 okha. Kalembera amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019 anafikitsa chiwerengero chonse pa 1,063: okwana 604 ku Virunga, kumene Rwanda, Uganda ndi Congo zimakumana, ndi 459 ku nkhalango ya Bwindi ku Uganda ndi mbali yake ya Sarambwe ku Congo. Kwina kulikonse padziko kulibe. Chimene chinandithandiza kwambiri pa ntchito yanga ndi makwinya a pamwamba pa mphuno. Gorila aliyense ali ndi akeake, ndipo ofufuza amamuzindikira ndi amenewo. Ndiye kuti chithunzi chimene mphuno yatuluka bwino chimakhala ndi dzina la mwini wake, ndipo mawu a pansi pa chithunzi amakhala olondola.

Madzulo ndinapachika jekete yanga yakuda pa mtengo, pamthunzi, n'kuyamba kuijambula. Vuto la nyama yakuda bii m'nkhalango yamdima ndi lakuti kamera imaganiza kuti kuwala kwachepa, ndiye imawonjezera yokha mpaka ubweya utuluke wotuwa ndipo masamba n'kuyera mbuu. Umayenera kuibweza wekha pang'ono kuti chakuda chikhale chakuda, koma osafika pobisa maso, amene ali mkati mwa nkhope yakudanso. Flash, kuwala kong'anima kwa kamera, ndi yoletsedwa. Lenzi yaitali imene ndimajambulira nkhwazi pa Shire ndinaisiya m'chipinda, chifukwa m'tchire lowirira imangokhala katundu. Ndinatenga ya mamilimita 70 mpaka 200, imene imatseguka kwambiri, ndi ina yaifupi pa kamera yachiwiri kuti ndisamasinthe malenzi pachinyontho. Mabatire ndinawaika m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi, popeza kuzizira kumawamaliza msanga.

Lachitatu pofika 7 koloko m'mawa tinali ku likulu la paki ya Volcanoes National Park ku Kinigi. Amagawa anthu 8 pa banja lililonse, osapitirira, ndipo amayang'ana mphamvu za munthu asanamupatse banja lakutali. Mwana wosakwana zaka 15 saloledwa. Wachimfine amabwezedwa. Galimoto inatisiya pamene msewu wamiyala unathera, kenako wapansi kudutsa m'minda ya mbatatesi ndi ya maluwa oyera a pyrethrum, amene amapangira mankhwala ophera tizilombo. Dothi lake ndi lakuda, lachonde, ndipo palibe kachigawo kogonera. Ndinatenga wonyamula katundu, bambo wamkulu kundiposa, wovala ovolosi ya buluu ngati anzake onse. Ena mwa alendo amakana, ati ali ndi mphamvu. Ine ndimaona kuti si nkhani ya mphamvu. Anthuwa ndi a m'midzi yoyandikana ndi paki, ena mwa iwo kale ankatchera misampha m'nkhalango momwemo, ndipo ndalama ya tsikulo ndiyo imawachititsa kuona gorila ngati chinthu chofunika kuti chikhale moyo.

Minda inatha mwadzidzidzi pa mpanda wamiyala. Mbali ino mizere ya mbatatesi, mbali inayo nkhalango. Titadumpha tinalowa m'nsungwi, mdima uli bii ngakhale kunali kutacha kale, matope akugwira nsapato. Titakwera ndithu nsungwi zinatha, n'kuyamba mitengo ikuluikulu ya hagenia yovala ndere, ndi zitsamba zoyabwa zofika m'chifuwa. Amene anagundapo chitedze akudziwa zimene ndikunena, kungoti izi zimabaya ngakhale wavala thalauzi. Magolovesi a kumunda anandipulumutsa. Patsogolo mnyamata wina ankatsegula njira ndi chikwanje, ndipo wotitsogolera ankalankhula pa wailesi ya m'manja ndi anthu amene sitinkawaona.

Anthu amenewo ndi olondola mapazi, ndipo popanda iwo palibe chithunzi cha gorila chimene munachionapo chikanakhalapo. Amanyamuka mbandakucha, kukayambira pamene banjalo linagona dzulo. Gorila aliyense wosiya kuyamwa amayala chogona chake cha masamba usiku uliwonse, ndiye powerenga zogonazo amadziwa ngati onse alipo. Kuchokera apo amatsata mapesi opindika, makoko a zimene adya, ndi ndowe. Titawapeza anali chete, atanyowa mpaka m'chiuno. Anatiuza kuti tisiye zikwama, ndodo, madzi ndi chakudya pomwepo, tivale mamasiki, titenge makamera okha.

Ndinayamba kumva fungo, lolemera, la thukuta losakanikirana ndi masamba ofwifwinyika. Kenako kuthyoka kwa mapesi. Wotitsogolera anatulutsa mawu apakhosi, otsika, kawiri, amene agorila amauzana akakhala pamtendere, ndipo m'tchire wina anayankha. Mkulu wa banja, wa imvi kumsana, anali atakhala tsonga atatifulatira. Amuna otere amafika makilogalamu 180 ngakhale kuposa, ndipo imvizo zimayamba akakwana zaka pafupifupi 12. Sanatilabadire n'komwe. Anagwira tsinde la chitsamba choyabwa chija, n'kupurura masamba onse ndi dzanja limodzi kuchokera pansi kupita m'mwamba, n'kuthothola timapesi, n'kupinda masambawo bwinobwino kuti mbali yobaya ikhale mkati, kenako n'kuika m'kamwa. Anabwerezanso chimodzimodzi, mosafulumira. Zala zake n'zonenepa, zakuda, zong'aluka m'mfundo, koma zimagwira ntchito mwaulemu. Ndinakhala pa manja amenewo nthawi yaitali, anzanga onse akufunafuna nkhope.

Kagwiridwe kanga ka ntchito ndi kakuti poyamba ndimajambula malo onse, kuti ndikhale ndi chosonyeza kumene nyama ikukhala, kenako ndimasankha nyama imodzi n'kuidikira. Kuthamangira aliyense amene wasuntha kumangokupatsa misana ndi masamba. Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera sindiyang'anapo kawirikawiri, chifukwa mphindi imene waweramira pamenepo ndi imene mwana amasuzumira pa phewa la mayi ake. Ndinasankha mayi wina amene anali ndi khanda pachifuwa. Gorila amatenga pakati miyezi isanu ndi itatu ndi theka, ndipo amabereka kamodzi pa zaka pafupifupi zinayi, n'chifukwa chake khanda lililonse limawerengedwa, ndipo kuyambira 2005 Rwanda imachita mwambo wa Kwita Izina wopatsa makandawa mayina. Mitambo inali itaphimba dzuwa, kumene ndi kuwala kwabwino kwa nyama yakuda. Khandalo linatulutsa mutu, tsitsi lili nyankhalala ndi mame, n'kugwira chala cha mayi ake. Apo ndinajambula osapuma. Posakhalitsa wotitsogolera anakweza dzanja kuti nthawi yatha.

Lachinayi m'mawa linathera pa kompyuta: kukopera makadi m'malo awiri osiyana, kutaya zogwedera, kusankha zochepa zotumiza. Mkonzi anayankha pa WhatsApp dzuwa lisanafike pamutu. "Achimwene, zili bwino kwambiri, koma mawa mutipezereko nkhope yodzadza tsamba, maso ali pa kamera." Ndinawayankha kuti, "Bwana, nkhope muipeza, lenzi imakoka. Koma mundisungireko tsamba la mpanda."

Ndimalimbikira zimenezi pa zifukwa ziwiri. Nkhope yodzadza tsamba imauza wowerenga kuti gorila ungamuyandikire mpaka kumugwira, ndipo mlendo amene waona chithunzi chotere amafika kuphiri akufuna chakechake, ali pambali pa nyama. Chachiwiri, chithunzi choterocho chimanamiza kuti agorila amakhala m'nkhalango yopanda malire, kutali ndi anthu. Zoona zake n'zakuti dera limeneli ndi limodzi mwa madera a kumidzi okhala anthu mothithikana kwambiri mu Africa, ndipo paki inachepetsedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kuti papezeke minda, makamaka ya pyrethrum. Masana ndinayenda m'mbali mwa mpanda ndi womasulira. Mpandawo anaumanga kuti njati zisamalowe m'minda, koma zimapezabe pogumuka, ndipo agorila nawo nthawi zina amatuluka kudzasenda makungwa a bulugamu wa anthu. Boma limabweza magawo 10 pa 100 alionse a ndalama za m'mapaki ku midzi yozungulira, kumangira masukulu, zipatala zazing'ono ndi mathanki a madzi. Mayi wina amene ankapalira mbatatesi pafupi ndi mpanda anandilola kumujambula nditapempha kudzera kwa womasulira. Kumbuyo kwake kunali phiri la Sabyinyo, nsonga zake zili ngati zobenthuka. Chithunzi chimenecho ndimachiika pamzere umodzi ndi cha khanda chija.

Lachisanu, ndi chilolezo chachiwiri, tinapatsidwa banja lina, lakutali, ndipo mvula inatiyamba tisanafike n'komwe pa mpanda. Agorila mvula saikonda. Amakhala chete, atapinda manja pachifuwa, mitu ili pansi, madzi akuyenderera pa ubweya wawo wautali. Mpweya wotuluka m'masiki unkachititsa nthunzi pa kagalasi koyang'anira, ndiye ndinkapukuta ndi kansalu, kujambula, kupukutanso. Ndinakweza ISO, imene imathandiza kamera kujambula pamdima, kufika pamene kwathu sindifikapo, chifukwa chithunzi chokhala ndi timadontho chimagulika koma chogwedera sichigulika.

Pagulu lathu panali mlendo wina amene ankangosendera kutsogolo, ndipo pena anatsitsa masiki kuti nkhope yake ioneke pa foni. Wotitsogolera anamubweza mwaulemu koma mosanyengerera, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Lamulo lakale ndi mamita 7 pakati pa munthu ndi gorila, ndipo silinaikidwe poopa kulumidwa. Chibadwa chathu ndi chawo n'chofanana pafupifupi magawo 98 pa 100, choncho chimfine chimene ife timachira ndi madzi a mandimu iwo chikhoza kuwapha. Mu 2009 agorila awiri a ku Rwanda anafa pa mliri wa chifuwa, ndipo madokotala anapeza kachilombo ka anthu m'matupi mwawo. Agorila eni ake lamuloli salidziwa. Kagorila kena kakang'ono kanabwera molunjika kwa ine, ndipo ndinachita zimene tinauzidwa: kutsitsa kamera, kuyang'ana pansi, kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kuti kadutse. Chithunzi cha pamenepo ndilibe, ndipo sindikuchifuna.

M'banja limeneli munali wamkazi wina wopanda zala zingapo. Misampha ya waya ndi zingwe imatcheredwa agwape ndi mbawala, koma imakola aliyense wodutsa, makamaka ana okonda kugwiragwira. Olondera nkhalango amaichotsa tsiku ndi tsiku, ndipo zikavuta madokotala a Gorilla Doctors amakwera phiri kukaimasula nyama ili mtulo ta mankhwala. Ndinamujambula akudya mphukira ya nsungwi ndi dzanja lomwelo. Nkhope ya mkonzi nayo inapezeka, mvula itadukiza: wa imvi kumsana anadzutsa mutu, madontho ali pa nsidze, ndipo lenzi inakoka ine ndili patali poyenera.

Ife titatembenuka kutsika, olondola mapazi anatsala. Amakhala ndi banjalo mpaka madzulo, kuti adziwe pamene lagona. Ndinawapempha kuti ndiwajambule asanatisiye, ndipo anaima pansi pa mtengo wa hagenia, majombo ali matope okhaokha, wailesi itakulungidwa m'jekete. Tsidya lina la mapiri omwewa, ku Virunga National Park ya ku Congo, imene inakhazikitsidwa mu 1925, olondera nkhalango oposa 200 aphedwa ali pa ntchito yomweyi.

Loweruka linali lomaliza la mwezi, tsiku la Umuganda, pamene anthu amagwira ntchito zachitukuko m'mawa ndipo magalimoto sayenda mpaka cha m'ma 11 koloko. Nthawi imeneyo ndinaumitsa makamera, n'kulemba mawu a pansi pa zithunzi, ndikufananiza mphuno ndi mayina amene wotitsogolera anandilembera. Ndinatumiza zonse pamodzi ndi kalata yolipiritsa. Tili mumsewu wa ku Kigali mkonzi anayankha kuti nkhope ipita pachikuto, manja ndi khanda mkati, ndipo mpanda ndi olondola mapazi apatsidwa masamba awiri oyang'anizana.