Zatheka, zikomo nonse

Kafukufuku wanga uja wa dwarf birch, kamtengo kakang'ono komera m'madambo a kumaiko ozizira, wavomerezedwa dzulo. Ambuye, ulemu ndi wanu. Za mwendo wothyoka uja ndi ndalama zimene zinathera panjira mukuzidziwa kale, sindibwereza.

Mtima wanga uli pa mayi aja oyang'anira dambo kumpoto kwa Scotland. Sakonda kutchulidwa pa Facebook, choncho dzina ndasunga. Mbande zanga za dwarf birch zitafa zonse, ine ndinkalongedza zoti ndizipita. Iwo ananditengera m'dambomo, nagwada m'matope ozizira, nazula kambande kamodzi. Mizu yake inali yakuda bii, yofewa, yonunkha. "Mwanangu, aka kamira," anatero. Madzi akadzaza timipata tonse ta m'dothi la peat (dothi la m'dambo lopangidwa ndi zomera zakufa zosaola bwino), mizu imabanika, chifukwa okosijeni amayenda pang'onopang'ono m'madzi, mochedwa pafupifupi ka 10,000 kuyerekeza ndi mumpweya. Ngakhale tibowa timene timathandiza mizu kupeza chakudya timafunanso kupuma. Kenaka anandiloza katunda kokwera pang'ono chabe pamwamba pa madzi, ndipo apo mbande zinali zamoyo, timasamba take tozungulira ngati chikhadabo. Anafukulanso ndere za Sphagnum ndi zala n'kundionetsa nthambi yokwiririka imene inatulutsa mizu yakeyake. Kamtengo aka, kamene kawirikawiri sikapitirira mita imodzi, kamadalira kwambiri njira imeneyi, chifukwa njere zake zambiri sizimera, ndipo zomerazo ndere zimatha kuzikwirira. Mutu wonse wachitatu wa pepala langa unachokera m'manja mwawo.

Mwendo uli m'chikhakha, ndi iwo amene ankapita kukayeza mlingo wa madzi m'mapaipi amene ndinazika m'dambomo, mvula ili pamutu, tizilombo touluka totchedwa midges tikuwaluma, n'kumanditumizira manambala usiku. Sanalandirepo kanthu. Mayi, ndidzakubwezerani chiyani ine?

Ndinene pang'ono zimene zikundiwawa. Ku Flow Country, dera lalikulu la madambo a peat kumpoto kwa Scotland, anakumba ngalande zochotsa madzi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kuti adzale mitengo ya matabwa. Lero akuzitseka, ndipo mu 2024 UNESCO inalemba malowa pa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Ndikukondwera nazo, pakuti peat amakula pafupifupi milimita imodzi yokha pachaka. Koma madzi okha sangabwezeretse kamtengoka. Timatunda tija tisasalazidwe, ndipo agwape ndi nkhosa zikapitiriza kubudula nsonga zonse, mphukira sizidzakula.

Anzanga a mu labu amene munkandinyamulira matumba a dothi, abale amene munkandiimbira foni ndikulira, a kwaya amene munandipempherera, zikomo, zikomo kwambiri. Ena munangoti zii nthawi yonse ija, lero mwayamba kulemba kuti "tinkadziwa kuti upambana". Ndawerenga, ndaona.

Mulungu awapatse mayi aja mphamvu m'mawondo, chifukwa akudwala nyamakazi koma dambo sakulisiya. Muwakumbukire m'mapemphero anu. Mauthenga enawo ndiyankha mawa, thupi latopa kwambiri.