Sabata yosaka likhweru mu Fielder

Pa ntchito zonse zimene zimabwera pa galaja pathu, imene anyamata amaizemba kwambiri ndi ya phokoso la mphepo. Galimoto ikaima pabwalo imakhala zii, palibe choti ugwire, palibe choti umasule, ukalumikiza kompyuta yoyezera ija imangokuuza kuti zonse zili bho. Vuto limadzuka galimoto ikafika 80 kapena 90, nde mu Lilongwe muno liwiro limenelo ulipeza kuti, mahampu ndi akabaza ali ponseponsewa.

Lolemba kunabwera mayi ena ndi Corolla Fielder, amayenda kawirikawiri pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pa za bizinesi yawo. Akuti ikangodutsa 90 mumayamba kulira likhweru lopyapyala, fyiiii, osasiya, pofika pa Ntcheu mutu umakhala ukuwawa. Anali atapita kale kwina, kumeneko anawasinthira maberingi onse awiri a matayala akutsogolo, ndalama zinapita koma likhweru lili pompo. Zimenezi zimanditopetsa anthuni. Beringi siyimba likhweru, imalira mokokoma, wuuu wuuu, ndipo ukakhotetsa sitelingi pang'ono kumanja kapena kumanzere kuliraku kumasintha chifukwa kulemera kwa galimoto kwasamukira mbali ina. Munthu amene anasintha maberingi aja mwina sanakwere n'komwe galimotoyo, anangomva mawu oti phokoso pa sipidi basi n'kutenga jeke.

Ndinawafunsa kuti mayi, phokosoli mumalimva kumbali iti, mukamadutsana ndi thiraki limatani, galimotoyi inagundidwapo, galasi munasinthapo. Anati ngozi ayi bambo, sinachitepo, za galasi sindikudziwa poti imayendanso ndi bambo akunyumba. Za thiraki anayankha msanga, akuti likhwerulo limadukiza kaye kenako n'kubwerera. Yankho limenelo ndinalisunga, chifukwa beringi kapena tayala sizisamala kuti pafupi padutsa ndani.

Lachiwiri m'mawa tinathira mafuta n'kulowera msewu wa M1 cha ku Nathenje, ine pa sitelingi, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ali kumanzere. Uno ndi July, mwera ukuwomba, nde kwa ntchito ngati iyi ndi nyengo yabwino. Choyamba timachotsa zimene si mphepo. Pamalo owongoka opanda anthu ndinasiya moto injini n'kutsika mawu, likhweru osasintha, kusonyeza kuti si injini, si lamba, si olitaneta. Tinadutsa pa tala wosalala n'kulowa pa wokhakhala, matayala anasintha kulira kwawo koma likhweru lili chimodzimodzi. Titatembenuka kubwerera ku tauni, mphepo ikutimenya mbali ina, linayamba mochedwerako. Kenako ndinatsegula fani mpaka pamapeto, mpweya ukuchokera kunja mawindo onse otseka, likhweru linakwera, nditaika pozungulitsa mpweya wa m'kati momwemo linatsika. Apa nkhani inali itaoneka mutu wake, pali kabowo penapake pamene mpweya wa m'kati ukuthawira kunja.

Ambiri amaganiza kuti mphepo imalowa, koma nthawi zambiri imakhala ikutuluka. Mpweya wothamanga pamwamba pa denga ndi m'mbali mwa magalasi umakoka, moti ngakhale mutu wa chitseko umakokedwera kunja pang'ono, raba ikakhala yotopa imasiya kampata. Ndipo mphamvu ya mphepoyo sikwera mofanana ndi liwiro, ukachoka pa 50 kufika pa 100 imakhala yachuluka kanayi, n'chifukwa chake kabowo kamene mu tauni kali chete kamayamba kuimba ukangotuluka.

Mnyamata uja ndinamupatsa kachidutswa ka paipi yothirira maluwa, mbali ina pakhutu, mbali ina akuyendetsa m'mphepete mwa chitseko ndi galasi. Amaseka poyamba kuti abwana izinso ndi zipangizo, koma atafika pakona ya m'mwamba kumanzere anachotsa paipi kukhutu msangamsanga. Vuto ndi loti pakona imeneyo pamakumana zinthu zambiri, raba ya chitseko, vayiza ija ya pulasitiki imene magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera nayo pamwamba pa mawindo, mzere wakuda wa padenga, ndi galasi lakutsogolo. Khutu limangokufikitsa pa dera, silikuuza nyumba yake.

Lachitatu Fielder inangokhala, kunali ntchito zina. Kunabwera Hilux ya madala ena olima fodya, akuti ikumalira huuu padenga chiikireni kariya. Imeneyi sinafune n'komwe kupita kumsewu. Kariyayo anawotcherera ndi mapaipi obulungira ndipo kumapeto anawasiya osatseka, nde mphepo ikamadutsa pakamwa pa paipi imalira ngati mwana akuuzira botolo la Fanta. Tinatseka mabowo ndi timaraba, paipi yakutsogolo yopingasa ija tinaikulunga chingwe mozungulira kuyambira uku mpaka uko kuti mphepo isamadukire malo amodzi. Madala anaimba foni madzulo kuti yasiya. Kunabweranso Sienta ya taxi, iyo phokoso lake linali phaphapha pansi, pulasitiki ya kunsi kwa injini inali itathothoka makilipu chifukwa chokhula mahampu, ikaima imaoneka ngati ili m'malo koma ikathamanga mphepo imaikupiza. Makilipu atsopano ndi mabawuti awiri, basi yapita.

Lachinayi ndi tsiku limene linadya mafuta. Ndisanatuluke ndinayesa raba ya chitseko ndi pepala, umaika pepala pakati n'kutseka chitseko kenako n'kukoka, likatuluka mosavuta ndiye kuti raba sikugwira pamenepo. Ndinazungulira chitseko chonse, pepala limakana paliponse, raba inali bwino ndithu. Ndiye tinatenga tepi ya pepala ija amagwiritsa ntchito opopera penti, tinamata kona yonse, vayiza, mzere wa padenga, m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, tsinde la sayidi mira, ngakhale mpata wa chitseko, mnyamata analowera ku chitseko cha kumbuyo n'kudumphira kutsogolo. Galimoto imaoneka ngati yachokera ku chipatala, anthu pa Bunda Turn-off amangotiyang'ana. Titafika pa liwiro lija, zii. Kenako tinayamba kumatula chimodzichimodzi, kumatula, kuthamanga, kumvetsera, kuima, kumatula china. Apa ndi pamene anyamata amatopa, amafuna kumatula zitatu nthawi imodzi kuti tiweruke msanga, koma ukatero likhweru likabwerera sudziwa kuti labwera ndi chiti, uyambiranso. Vayiza tinachotsa tepi, chete. Sayidi mira, chete, ngakhale ine ndimaikayikira poti inaoneka kuti si yobadwa nayo. Chitseko, chete. Titangomatula kachidutswa ka m'mwamba mwa galasi lakutsogolo, fyiiii uja anabwerera ngati sanachokepo.

Lachisanu ndinafuna kuona ndi maso ndisanauze mayi aja kuti galasi lichoke. Tinasungunula sopo wotsukira mbale m'botolo, tinapaka thovu m'mphepete monse mwa galasi kunja, mnyamata ali m'kati ndi paipi ya kompuresa akuuzira pang'onopang'ono motsatira mphepetemo. Kwina konse thovu linangokhala, koma pakona paja linayamba kufufuma, timabaluni tikutuluka motsatizana pamalo otalika ngati chala. Nditakweza raba yokongoletsa ya m'mphepete mwa galasi ndinaona guluu wakuda wodukiza, amene anamata galasi sanalumikize pamene anayambira ndi pamene anathera, ndiyeno pamwamba anapakapo silikoni woyera wa m'bafa kuti zisaoneke. Galasi la galimoto limamatidwa ndi guluu wake wa polyurethane, silikoni sagwira bwino pamenepo ndipo amavutitsa amene adzabwere kudzakonza chifukwa guluu weniweni sagwira pamene padutsa silikoni, pamafunika kupala mpaka pa penti.

Ndinajambula kavidiyo ka thovulo n'kuwatumizira pa WhatsApp. Pasanathe nthawi anaimba akuseka, akuti afunsa bambo akunyumba ndipo avomera kuti mu May mwala wa thiraki unaswa galasi iwo ali ku Salima, anakasinthitsa mwakachetechete kwa munthu wotchipa kuti mayi asadziwe. Ndipo poti chisinthireni mvula sinagwe, palibe anaona kudontha. Likanafika dzinja madzi akanatsikira mu pilala, mzati wa m'mbali mwa galasi, mpaka pansi pa dashibodi pamene pali mawaya. Komanso galasi lakutsogolo si lotchinga mphepo lokha, limathandiza kugwira denga galimoto ikagubuduzika, ndipo airbag ya kumanzere ikaphulika imatsamira pa galasilo, nde lomatidwa mwachinyengo si nkhani ya phokoso yokha.

Ife magalasi sitimata, ndinawatumiza kwa mkulu wina amene ndimamudalira, ndinamuuziratu kuti achotse lonse, apale silikoni, ayang'ane dzimbiri, ndipo galimoto igone kuti guluu aume bwino asanaiyendetse. Pa bilu ndi pamene tinakokanakokana pang'ono. Mayi anati koma bambo simunasinthe chilichonse, ndikulipira chani, tepi? Ndinawawerengera mafuta amene tinawotcha pa M1 ndi nthawi imene anthu awiri tinasiya ntchito zina, n'kuwakumbutsa kuti kwina kuja analipira maberingi awiri amene analibe vuto osafunsa funso. Anadandaula komabe anatumiza pa foni, anachotsako pang'ono poti kasitomala sangalipire osanenerera.

Loweruka masana anaitenga kwa wa magalasi uja n'kunyamuka wa ku Blantyre, uthenga unabwera ali pa toll gate ya Kalinyeke kuti m'galimoto muli chete koma tsopano akumva kaphokoso kena kumbuyo kamene kale samakamva. Ndawauza abwere nayo Lolemba, ndikukayikira raba ya chitseko cha buti, magalimoto a station wagon fumbi limadya raba imeneyo msanga.