Sitinakupatseni, tinakusungitsani

Loweruka lapitali ndi pamene mutu wanga unatseguka pa nkhani ya social contract, ganizo la mu filosofi loti boma limachokera pa pangano la anthu, patatha masabata 6 ndikungoloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Zinachitikira pakhonde la kwathu ku Chilomoni. Ine ndinali m'nyumba kusita malaya, panja azimayi a banki m'khonde ya amayi anga atakhala pamkeka, bokosi lawo la maloko atatu lili pakati.

Anzanga a chaka chachiwiri ku koleji, za state of nature, moyo wa anthu boma lisanakhalepo, mukuzidziwa kale, sindibwereza. Chimene chinkandizunguza n'chakuti Thomas Hobbes ndi John Locke, akatswiri a filosofi a ku England, ndinkawaona ngati akuimba nyimbo imodzi: anthu anagwirizana, boma n'kubadwa. Pa mayeso ndinkangolemba kuti Hobbes ankakayikira anthu, Locke ankawaganizira zabwino. Malikisi ndinkapeza ongopulumukira, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndikungolavula mawu a eni ake.

Tsikulo kunaululika kuti ndalama za masheya zimene ena anatumiza pafoni pakati pa sabata, amsungichuma anabwereketsa mlamu wawo osauza gulu. Iwo anadziteteza: "Si munandisankha nokha kodi? Alamuwo abweza, ndi chiwongoladzanja chomwe." Amayi anga, amene sakonda kukweza mawu, anangoti: "Amsungichuma, ndalamazi sitinakupatseni ayi. Tinakusungitsani."

Ndinaimika simbi pomwepo, mtima ukugunda.

Kupatsa ndi kusungitsa! Kusiyana kwa akuluakulu awiri aja kunali pamenepo. Hobbes anatulutsa buku lake la Leviathan mu 1651, dziko la England litangokhetsa magazi pa nkhondo yapachiweniweni, mfumu Charles I itadulidwa mutu mu 1649. Kwa iye anthu amapangana okhaokha, aliyense ndi mnzake, kuti mphamvu zawo azipereke kwa wolamulira. Wolamulirayo m'panganolo mulibe, ndiye sangaliphwanye. Wapatsidwa basi. Munthu ukamupatsa mbuzi sumulondola kukafunsa ngati waipha kapena waigulitsa. Chimene Hobbes amakusiyira n'chakuti akabwera kudzakupha ukhoza kudziteteza.

Locke, m'buku lake la zaboma la mu 1689, mawu amene amadalira ndi trust. Apa ndi pamene ndinkaterereka. Nthawi yonseyi trust ndinkaimva ngati chikhulupiriro, za mumtima, zoti anthu amalikonda boma lawo. Ayi ndithu. Iye akunena za katundu wosungitsa. Mwini wake amakhalabe mwini wake, wosungayo ali ndi malire, ndipo katunduyo anasungitsidwa pa chifukwa chodziwika: kuteteza moyo, ufulu ndi chuma cha anthu. Wosunga akangopatuka, ngakhale atalonjeza kubweza ndi chiwongoladzanja, eni ake ali ndi ufulu woitanitsa chawo. Kusankhidwa sikumusandutsa mwini. Amsungichuma aja ankaganiza ngati Hobbes, amayi anga anawayankha ngati Locke, ndipo onse awiri maina amenewa sanawamvepo.

Usiku womwewo ndinatsegula pafoni Gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko lino, tsitsi n'kundiima. Limanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a ku Malawi, kuti amene azigwiritsa ntchito angozisunga m'malo mwa anthuwo, komanso kuti azikhala nazo pokhapokha anthu akupitiriza kuwadalira. Gawo limeneli ndinaliloweza chaka chatha osamva kanthu. Tsopano mbiri yathu yomwe ndikuiona mwatsopano. Mu 1971, pamene Kamuzu analengezedwa kuti ndi mtsogoleri wamuyaya, kunali kupatsa kwenikweni. Pa 14 June 1993, pamene anthu oposa 60 mwa 100 alionse anasankha nyali kusiya tambala wakuda, kunali eni katundu kubwera kudzaitanitsa. Ndipo pa 3 February 2020, oweruza 5 atathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, funso linali lomwelo: kodi amene anasungitsidwa mavoti athu anawasunga moyenera?

Ndiye ndasankha njira imodzi, ndipo palibe angandibweze. Ganizo lililonse la filosofi ndizilinena m'Chichewa, mokweza, kwa amayi anga kapena kwa mlongo wanga wa Fomu 2. Likakana kutuluka, ndiye kuti sindinalimve. Chingerezi chimabisa umbuli wathu. Ukhoza kulemba masamba 8 odzaza ndi legitimacy ndi sovereignty, aphunzitsi n'kuchonga, iwe osadziwa chimene wanena. M'Chichewa sungabisale, chifukwa mneni amakukakamiza kusankha: wapatsa, wabwereketsa, wasungitsa kapena walandidwa? Ndikukhulupirira kuti theka la mavuto athu m'kalasi muja likhoza kutha ndi njira imeneyi yokha, ndipo pa gulu lathu lowerengera limodzi ndanena kale kuti Lachinayi lililonse tizitero.

Chimandiwawa n'chakuti zimenezi bwenzi nditazimva mwezi watha. Aphunzitsi athu a political theory anathamanga ndi Hobbes ndi Locke m'masabata awiri, akungowerenga zimene zili pa projekita. Mnzanga wina atayesa kufunsa m'Chichewa anauzidwa kuti mayeso salembedwa m'chilankhulo chimenecho, kalasi yonse n'kuseka, funsolo n'kufera pomwepo. Koleji yathu imafuna tilawe zonse, mbiri, zolembalemba, masamu a kafukufuku, ndipo maganizo amenewo ndimawakonda, n'chifukwa chake ndinabwera. Koma makosi 6 pa semesita imodzi, minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, pa Ginnery Corner magalimoto atathinana, kufika kunyumba magetsi atazima, nthawi yokhala pansi ndi tsamba limodzi mpaka likulankhule uipeza kuti? Timawerenga kuti tipereke asayimenti Lachisanu.

Komabe pali pamene kusungitsa kwangaku kukutsimphina. Amayi anga masheya awo anaponya okha ndi dzanja lawo, ndipo December akagawana akhoza kutuluka m'gulumo. Ine ndinasungitsa liti? Malamulo aja anayamba kugwira ntchito mu 1994, ine ndisanabadwe. David Hume, katswiri wa filosofi wa ku Scotland, anafunsa zomwezi mu 1748: munthu amene wanyamulidwa ali m'tulo n'kuikidwa m'sitima ya panyanja, tinganene kuti wavomera ulamuliro wa woyendetsa chifukwa choti sanadumphire m'madzi? Ndimaganiza za anyamata okankha mawilibala mumsika wa Limbe, amene ngakhale pasipoti alibe. Kukhala kwawo m'dziko muno n'kuvomera? Mwina kuvota ndiye kusungitsako, koma nanga amene sanavote, kapena amene wawo sanapambane? Chinanso chimandilasa: Locke yemweyu, wa ufulu uja, anali ndi masheya mu Royal African Company, kampani yogulitsa akapolo ochokera kuno ku Africa. Sindinapeze pomuika mumtima mwanga.

Sabata yamawa tiyamba Rousseau, katswiri winanso wa social contract. Dzulo ndayesa kuwafotokozera amayi ganizo lake lotchedwa general will. Ndinati "chofuna cha anthu onse", kenako n'kukumbukira kuti Rousseau mwini wake amasiyanitsa zimenezo ndi general will. Ndinati "chokomera gulu". Amayi anasiya kusankha nyemba n'kundifunsa kuti, "Nanga wodziwa chokomera gululo ndani, mwanangu?" Ndinangokhala chete. Kaya vuto ndi Rousseau, kaya ndi ine, kaya njira yangayi yafika pamene imathera.