Dzanja lomwe linakweza chiphaso

Pa kamsika kathu, kuno kumtunda kwa Dedza cha ku Bembeke, nkhani zinali ziwiri. Chimbudzi chomwe chinayamba kung'aluka kalekale chinagwa ndi mvula ya mu Januwale, moti aliyense wofuna kudzithandiza ankalowera m'chimanga cha eni ake. Kenaka kunamveka mphekesera yoti khonsolo ikufuna kukweza mtengo wa chiphaso chomwe timadula tsiku lililonse tikayala malonda. Amayi a tomato ndi a kachewere anati zimenezo ndiye ayi. Ndalama ikwere, koma kothandizira kukhale m'chimanga?

Komiti ya msika inakhala pansi. Ine ndine mlembi wake, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa ndinalekezera Fomu 2 ndipo bolopeni sichoka m'thumba la malaya anga. Wina anati wamva pa wailesi kuti khonsolo yonse ikumana ku boma kuti ivomereze bajeti, poti masiku ano chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, osati mu Julayi ngati kale. Apampando athu, agogo ogulitsa fodya wopera, anafwenkha kaye pang'ono n'kunena kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alembi, mukatilankhulire ndinu." Chipewa chinazungulira, anthu anaponyamo ya thiransipoti. Mayi wina analibe ndalama, anandipatsa mulu wa anyezi kuti ndikagulitse panjira.

Madandaulo ndinawalemba m'kope la mwana wanga, masamba atatu, mawu okuluwika okhaokha. Jekete ndinabwereka kwa alamu anga aphunzitsi. Alamuwo ndi chimunthu, ine ndine wochepa thupi, ndiye mikono ya jeketeyo inkabisa zala zanga zonse. Mayi akunyumba atandiona anafunsa kuti, "Abambo, mukukalankhula za chimbudzi kapena mukukafunsira mbeta?" Sindinawayankhe. Munthu wopita kukonza dziko sakangana pakhomo.

Ndinanyamuka tambala woyamba atalira, kabaza mpaka pamsewu wa M1, kenaka Sienta yomwe tinapanikizanamo ndi matumba a kabichi. Ku boma ndinafika nkhungu isanachoke paphiri.

Pakhomo la holo panali mnyamata wonyamula mapepala. Anayang'ana jekete, anayang'ana kope, n'kufunsa kuti, "Bwana, mwachokera mbali iti?" Ndinati ndikuimira ochita malonda. Sindiname ayi. Iye anandilozera ndi mlomo kuti ndikhale uko. Tsono mlomo suloza molunjika. Kumbuyo kunali mabenchi opanda kanthu, kutsogolo kunali matebulo oyalidwa nsalu, pamalo paliponse botolo la madzi ndi chibuku chachikulu. Ndinadzifunsa kuti munthu wotumidwa ndi msika wonse, wosonkheredwa ndalama mpaka anyezi, angakhale pabenchi? Ndinapeza mpando umodzi wopanda munthu pakati pa azibambo awiri ovala masuti, ndipo ndinakhala. Wa kumanja kwanga anandipatsa moni wa manja awiri. Ndinamuyankha ndi mkono wa jekete, poti dzanja linali mkati.

Musandiseke msanga. Ambiri a msinkhu wanga za khonsolo sitizidziwa, ndipo chifukwa chake chilipo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono linabwera mu 1998, makhansala tinawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zonsezo tinazolowera kuti vuto umapita nalo kwa amfumu, kapena umadikira phungu pamaliro n'kumunong'oneza akamakwera galimoto. Ndani akanandiuza kuti m'holo muja aliyense ali ndi malo ake? Makhansala ndi amene amavota. Mafumu akuluakulu amakhalapo, amalankhula, koma savota. Oimira magulu apadera nawonso savota. Bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi amabwera kudzayankha mafunso. Ife anthu wamba timaloledwa kulowa, inde, koma kudzamvera chabe, pamabenchi aja ndinawanyoza. Zonsezi ndikuzidziwa lero. Tsikulo ndinkangodziwa kuti madzi a m'botolo ndi aulere.

Litatha pemphero, wapampando wa komiti ya zachuma anaimirira n'kuyamba kuwerenga. Ndalama zochokera ku boma lalikulu, za zipatala, za sukulu, za ulimi. Ndalama za chitukuko cha boma, zomwe amati DDF. Ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha, kuchokera ku malayisensi a mashopu ndi ziphaso za m'misika. Manambala ake anali a maziro ochuluka moti ndinkayamba kuwawerenga kuchokera kumapeto, ndikamafika pakati iye ali kale patsamba lina. Ndinatsegula chibuku chija kufunafuna chimbudzi chathu. Ndinapeza midadada ya sukulu, milatho, nyumba za azaumoyo, mijigo. Chimbudzi munalibe. Ndinati palibe kanthu, mwina anachisunga kumapeto ngati nkhani yaikulu.

Atafika pa CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, holo inatentha. Wina akuti ndalamazo ziziyendera makomiti a anthu, wina akuti iye ndi amene amafunsidwa kumudzi mlatho ukakokoloka. Anakangana mpaka mafumu anachita kuwaziziritsa. Ine ndinkangogwedeza mutu kwa aliyense wolankhula, kuti pasapezeke wondida.

Nthawi yopuma kunabwera Fanta ndi mabanzi. Kunabweranso pepala losainira. Apa mtima unagunda, chifukwa aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti pepala likazungulira pamsonkhano, alawansi ili m'njira. Ndinalemba dzina langa mwaluso. Pamene panafunika kulemba wodi, ndinalemba kuti Msika. Banzi ndinadya limodzi, lina ndinaika m'thumba la jekete kuti ana akaone kuti bambo awo anafikadi ku boma.

Chomwe chinandipha ndi banzi ndi jekete. Munthu wadzuka usiku, wazizidwa pa kabaza, kenaka wakhuta ndipo wafunda m'chijekete cha ubweya, kutsogolo wina akuwerenga manambala ndi mawu amodzimodzi osakwera osatsika. Ndinayesa kudzitsina pantchafu. Ndinayesa kuwerenga malata a denga. Mapeto ake ndinapezeka ndili pamsika pathu, chimbudzi chatsopano chili poteropo, cha zitseko zinayi, chopaka laimu, amayi a tomato akuimba nyimbo yotchula dzina langa, ine ndanyamula sizasi kuti ndidule riboni.

Ndili m'kati modula, ndinamva mawu akuti "misika".

Dzidzimu! Apampando a khonsolo anali akuyang'ana uku ndi uku, akufunsa kuti, "Pa nkhani ya misika imeneyi, alipo?" M'holo munali zii. Ndinati nthawi yanga ndi imeneyi, ndikaiphonya ndikauza chiyani anthu kumudzi? Dzanja nyamu, m'mwamba, mkono wa jekete uli lende.

"Zikomo kwambiri olemekezeka," anatero apampando, nkhope yawo itamasuka ngati munthu amene watula katundu. "Ganizo lapeza wolivomereza." Anthu anamenya matebulo. Mnyamata wina wa foni anandijambula. Bambo wa kumanja kwanga anandinong'oneza kuti, "Achimwene, ndinu olimba mtima. Ife tonse timaopa."

Chomwe chinachitika ndili kumaloto n'chakuti wina anapereka ganizo loti chiphaso cha m'misika chikwere, ndipo panafunika munthu wachiwiri wogwirizana nalo. Palibe khansala ankafuna kuoneka woyamba, chifukwa ogulitsa m'misika amavota, ndipo saiwala. Aliyense ankayang'ana botolo lake la madzi. Dzanja lokhalo lomwe linakwera m'holo monse linali la munthu amene anatumidwa kudzakana.

Ine osadziwa kanthu, ndinaona kuti kumenya matebulo kuja n'kundilandira. Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, ndinatsegula kope. "Ife anthu a pamsika, titakhala pansi, tagwirizana kuti tikukana kwamtuwagalu kukweza chiphaso, pokhapokha chimbudzi..."

Apampando anavula magalasi. Mlembi wa msonkhano anasanthula mapepala ake n'kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani, olemekezekawa ndi a wodi iti?" Wina anawerenga papepala losainira lija mokweza: "Alemba kuti Msika."

Pamenepo kumbuyo kunaimirira bambo wina, thalauzi lili matope mpaka m'mawondo. Anati, "Apampando, mpando umenewo ndi wanga. Ndinachedwa, njinga yamoto inatitimira. Nditafika ndinapeza bwanawa atakhalapo, ndiye poona jekete ndinayesa ndi alendo ochokera ku Lilongwe." Khansala weniweni anakhala pabenchi m'mawa wonse, wopanda madzi, wopanda banzi, chifukwa cholemekeza jekete ya alamu anga.

Chikhakhali chomwe chinabuka sindinachimvepo ngakhale pa chinamwali. Mfumu ina inaseka mpaka ndodo inagwa pansi. Ine ndinangoti kakasi, kope m'manja. Potuluka pakati pa matebulo banzi lija linagwa m'thumba n'kugubuduka mpaka kutsogolo kwa bwanamkubwa. Sindinalitole. Ndinalisiya ngati msonkho.

Apampando analamula kuti dzanja langa lifufutidwe m'mabuku, n'kufunsanso funso lija. Koma tsopano anthu anali ataseka, mantha atatha. Manja anakwera bwinobwino, ambiri ndithu, ndipo chiphaso chinakwera. Ndili pabenchi ndinaona ndi maso anga kuti njira ndinalambula ndine.

Panja anandipeza mayi wina wa ku ofesi yoona za mapulani, akupukuta misozi ya kuseka. Anandipempha kope, anawerenga masamba onse atatu, n'kunena kuti nkhaniyo ndi yomveka, koma ndabwera nayo kumapeto. Anati chitukuko chimayambira ku komiti ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, komwe amasankha zofunika kwambiri. Zikatero zimalowa m'mapulani a boma, makomiti a khonsolo amazisefa, a National Local Government Finance Committee, bungwe la boma loona za ndalama za makhonsolo, amaunika manambala, kenaka n'kubwera m'holo muja. "Bambo, bajeti ikafika pano ili ngati nsima yoomola kale. Simungathirenso ufa. Kodi ku VDC kwanu munakanena?"

Ndinayang'ana kuphiri. VDC inaitanadi msonkhano mvula isanayambe, chimbudzi chili chong'aluka kale. A komiti ya msika sitinapiteko. Linali tsiku la msika, komanso tinamva kuti kulibe ngakhale Fanta.

Za alawansi musafunse. Dzina langa analikhwatcha ndi bolopeni yofiira.

Chithunzi chinafika kwathu ine ndisanakwere n'komwe Sienta. Pa gulu la WhatsApp la msika chinali chitazungulira kale: ine pakati pa olemekezeka, maso ofiira ndi tulo, dzanja m'mwamba, pansi wina atalemba kuti amene wavomereza kukweza chiphaso ndi uyu. Nditatsika pa kabaza ndinapeza amayi a tomato ataima mzere, manja m'chiuno.

"Takulandirani a khansala."

Ndinayesa kufotokoza za VDC, za ADC, za nsima yoomola. Agogo apampando anandidula. "Alembi, funso ndi limodzi. Dzanja ili pachithunzipa ndi lanu kapena si lanu?" Ndinati mkonowo ndi wa jekete ya alamu. Iwo anati, "Nanga m'katimo munali alamu anuwo?" Mayi wa anyezi sanafune zambiri, anangoti anyezi wake abwerere. Ndinali nditamuiwala mu Sienta. Ndinabweza ndi kachewere wa m'munda mwanga, ndowa yodzaza, ndipo anati mulu wake unali waukulu kuposa pamenepo.

Pa 1 Epulo wodula ziphaso anayambira pa benchi langa. Anati ndi ulemu kuti mwini ganizo akhale woyamba kulipira.

Nkhani ya chimbudzi tsopano tinakaitula ku VDC, ndipo akuti ipita ku ADC. Ku msonkhanowo anandituma ine ndemwe, poti wina wolemba palibe, koma sanandilole kupita ndekha. Anandiperekeza amayi awiri. Wina anakhala kumanzere, wina kumanja atandigwira mkono mwamphamvu kuyambira pemphero lotsegulira. Amfumu atafunsa ngati alipo amene akufuna madzi akumwa, ndinangosuntha phewa pang'ono, ndipo wa kumanzere anandiponda phazi.