Agogo a ku Varanasi ndi mwala wawo wa pansungwi

Ku India ndinapita moperekeza azakhali kuchipatala ku Delhi, atayamba kupezako bwino anandithamangitsa okha kuti iwe pita ukaone dziko, wandiyang'ana kokwanira. Ndiye ndinakwera sitima ya usiku ya ku Varanasi. Za sitimayo tisataye nthawi, inachedwa basi. Wa auto, kagalimoto ka hayala ka matayala atatu, pa siteshoni anayambira 500 rupees mpaka ku Assi Ghat (ghat ndi masitepe otsikira kumtsinje), tinathera pa 200 koma nkhope yake inkaonetseratu kuti wandidyabe. Musamakwere woyamba kukuitanani, tulukani kaye kunja kwa geti.

M'mawa kusanache bwino ndinatsikira kumtsinje wa Ganga kuthawa mahutala, poti mumzinda umu aliyense amaimba hutala ngakhale kutsogolo kuli ng'ombe yogona yomwe sisuntha olo utatani. Pafupi pomwepo pali Tulsi Ghat, masitepe ake otsetsereka zedi, pamwamba pake pali akhara, bwalo la anthu ogwetsana. Ndinangoima pakhomo ngati mlonda mpaka mnyamata wina analoza nsapato zanga kuti vula, lowa.

Mkati mulibe galasi, mulibe nyimbo, mulibe makina. Muli kachisi kakang'ono ka Hanuman, mulungu wawo amene amajambulidwa atanyamula chibonga, ndi bwalo la dothi lofewa lomwe amalisakaniza ndi mafuta a mpiru, ghee (batala wosungunula) ndi turmeric. Mnyamata wina anali kalikiliki kutembenuza dothilo ndi chikhasu cholemera, akuti imeneyonso ndi training. Ndinaseka ndekha, kwathu ku Dedza ndiye kuti mudzi onse ndi ma champion.

Koma amene anandigwira mtima ndi agogo ena oonda, imvi mbuu, atavala kansalu kofiira ka m'chiuno kokha kamene amati langot. Anatenga gada, imeneyi ndi nsungwi yaitali kufika cha pachifuwa, kunsonga kwake kuli chimwala chobulungira, ena amaumba ndi simenti. Anaiimika kutsogolo kwa nkhope mwala uli m'mwamba, kenako kuugwetsera kumbuyo kwa phewa, mwalawo nkudutsa kumsana nkutulukira phewa linalo nkuimanso njo, mobwerezabwereza osapumira m'mwamba, uku akucheza ndi mnzawo. Ataona kuti ndatsegula pakamwa anandikodola, "Aao bhai," nkundisankhira kakang'ono kamene amayambira ana. Aise, kamwala kameneko katangopita kumbuyo kanafuna kunditenga ndi ine ndemwe. Agogo sanaseke, anandigwira zigongono nkuzikweza, manja anga nkuwatsitsira kuseri kwa khosi, kenako anandimenya pang'ono m'chiuno kusonyeza kuti mphamvu ichokere apa. Chizungu iwo ayi, Hindi ine ayi, koma ndinamva: mwala sulimbana nawo, umausiya ugwe wokha, iwe ntchito yako ndi kuukoka pamene wayamba kale kukwera. Itatheka kamodzi mapewa anachita kutseguka, ndipo agogo anangoti "haan" nkubwerera ku chimwala chawo.

Pakona panali jori, zibonga ziwiri zamtengo zonenepa kumunsi, chimodzi dzanja lili lonse, amazizungutsa mosinthana. Zina anazikhoma misomali kuti usazigoneke pathupi, ukachita ulesi zikubaya. Pa chikondwerero cha Nag Panchami, cha mu July kapena August, amapikisana kuti wazungutsa kangati ndani.

Titamaliza anandipatsa chana, nandolo zawo zija zoviika m'madzi usiku, zodzadza dzanja, kuchokera m'kachitini kawo komwe. Ndinatulutsa ndalama, anakana mpaka kukwinya nkhope, nkuloza kukachisi kuti ngati ndikufuna ndisiye kumeneko.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Asilikali a ku Britain anaziona zibongazi nthawi ya atsamunda nkupita nazo kwawo, mpaka zinalowa mu Olympics mu 1904 ndi 1932. Lero pa intaneti akugulitsa gada yachitsulo pa mtengo woti ukawonjezera shipping ndi msonkho ungagule mbuzi, ndipo ife tikhala oyamba kuitanitsa chifukwa taiona pa YouTube. Chonsecho anyamata a ku Ndirande ndi ku Kawale akhala akuthira simenti m'zitini za penti kupanga ma weight kuyambira kalekale, nsungwi nazo zili mbwee. Timawaseka kuti ndi gym ya amphawi, uku tikulipira pamwezi malo oti theka la makina ndi lofa ndipo fan siyenda. Kaya.

Mukafuna kukaona fikani isanakwane 7, dzuwa likakwera amabalalika kupita ku ntchito zawo. Pemphani musanajambule, ena safuna atavala langot. Chai, tiyi wawo, wa m'kakapu kadothi panja ndi 10 kapena 20 rupees. A maboti akuvutitsani njira yonse, ndipo mtengo oyamba omwe angatchule muudule pakati musanayambe nkomwe kukambirana.